Sosi wa Malemu

Anakangana koyamba m'sitolo, pakati pa mashelefu, anthu akuwadutsa ndi mabasiketi. Chibwenzi chawo chinali chitatha chaka popanda wina kukweza mawu, koma tsiku limenelo chinapunthwa pa botolo la sosi.

Mtsikanayo aliyense ankamutchula kuti Namwino, ngakhale bambo ake omubereka, chifukwa ndiyo inali ntchito yake. Mwamunayo ankatchedwa Utsi. Mkati mwa sabata ankakonza mafiriji, koma Loweruka lililonse ankawamba nkhuku mumgolo kuseri kwa nyumba yake, ndipo malaya ake, ngakhale ochapa kumene, ankanunkhira nkhuni za mango. Loweruka likubweralo linali lalikulu. Bambo a Namwino, atakana kwa miyezi yambiri, anali atavomera kukadya kunyumba kwa Utsi ndi kukaonana ndi amayi ake.

"Uyu bwanji?" anatero Namwino, akumupatsa botolo lakuda. "Alemba kuti ndi wa nyama yootcha."

Utsi analipendeketsa n'kupukusa mutu. "Madzi ndi shuga basi. Ukapaka pankhuku amapserera, nyama n'kumawawa."

"Nanga wachikasuyu?"

"Wa nkhumba uyo."

"Wa tsabola?"

"Amayi akhosomola mpaka misozi."

"Iwe, miyendo yanga yatupa n'kuima. Bambo anga akubwera kwanu koyamba, ndipo iwe ukukana botolo lililonse ngati ukusankha mkazi. Tenga limodzi tizipita."

Utsi anaseka, koma kusekako kunali kwapakamwa chabe. "Za sosi usadandaule. Apezeka."

"Apezeka kuti?"

"Alipo amene amapanga."

"Ndani?"

Utsi anawerama n'kusenza thumba la makala paphewa, foni yake n'kumupatsira Namwino kuti amugwirire. Ali pamzere wolipira, foni ija inawala m'manja mwake. Sanafune kuwerenga, koma maso sapempha chilolezo. Pamwamba panalembedwa kuti Mlamu, ndipo uthengawo unati: "Alamu, uchi ndaupeza. Sosi wa Loweruka ndipanga monga mwa nthawi zonse. Musagule za m'mabotolo, mukudziwa kuti achemwali sankazifuna."

Namwino anawerenga kawiri. Kenako anaika foniyo m'thumba la malaya a Utsi.

* * *

Galimoto inali itangotuluka pageti la sitolo.

"Ndinakuuza kuti mkazi wanga anamwalira," anayamba Utsi, maso ali kumsewu.

"Unandiuza. Sunandiuze kuti chaka chonsechi ndakhala ndikunyambita sosi wake."

"Ndi sosi chabe."

"Ngati ndi sosi chabe, bwanji unachita chibwibwi m'sitolo muja?"

Utsi anapuma mwamphamvu. Anafotokoza kuti malemuyo ndiye anayamba kupanga sosi ameneyo, wa uchi, tomato, adyo ndi zina zimene sankaulula. Atamwalira, Utsi anatha nthawi yaitali osayatsa mgolo. Tsiku lina mng'ono wake wa malemuyo anabwera ndi botolo, nati achemwali anamuphunzitsa asanadwale. Kuyambira pamenepo ankabweretsa sabata iliyonse.

"Sabata iliyonse," anabwereza Namwino. "Ndiye kuti Lachisanu lililonse amalowa m'nyumba mwako."

"Ndi mlamu wanga. Ndimuthamangitse?"

"Ndi wokwatiwa?"

"Ayi."

"Ali ndi chibwenzi?"

"Sindimufunsa zimenezo."

Namwino anayang'ana pawindo. Anakumbukira tsiku limene anadziwana. Utsi anabwera kuchipatala ndi dzanja lopsa, akuseka pomwe ena akanalira, ndipo atachira anabweranso ndi phiko la nkhuku lokulunga m'pepala kuti athokoze. Namwino anadya ali chiimire kuseri kwa chipinda cha mankhwala, ananyambita zala zonse, nati, "Amene anapanga izi ndi mfiti." Utsi tsiku limenelo anangomwetulira. Tsopano Namwino anadziwa chimene chinali kuseri kwa kumwetulirako.

"Sosi wa Loweruka ndipanga ine," anatero.

"Umadziwa?"

"Ndiphunzira. Bambo anga ali ndi matenda a shuga, uchi wako uwo sawayenera. Komanso sindikufuna kuti tsiku limene makolo athu akuonana, pambale pakhale dzanja la mkazi wina."

"Amayi anazolowera uja."

"Ndiye azolowerenso ine."

* * *

Khitchini ya kwa bambo ake inasanduka bwalo la nkhondo. Poto woyamba anapserera. Wachiwiri anatuluka wamadzimadzi ngati tiyi. Mkulu wake wa Namwino, amene banja lake linatha kalekale ndipo anabwerera kwa bambo awo ndi lilime lakuthwa, anakhala pampando wa pakhomo ndi supuni, akulawa chilichonse ndi kupereka chigamulo.

"Uyu ndi wabwino kutsukira bala."

"Achemwali, ndithandizeni, musandiseke."

"Ndikukuthandiza. Viniga wachuluka. Ndipo mwamuna amene akusunga mlamu wosakwatiwa pafupi ndi firiji yake, ameneyo sosi sangamukonze."

"Sakumusunga. Amangobweretsa botolo."

"Wanga uja nayenso ankangoperekeza mnzake wa kuntchito pabasi. Lero anabereka naye ana awiri."

Namwino anaviika bwemba m'madzi otentha, nafinya mpaka madziwo anakhuthala. Anakazinga anyezi pang'onopang'ono kuti atsekemere okha popanda shuga, nathiramo tomato, adyo, jinja ndi katsabola kochepa. Fungo linadzaza nyumba yonse. Mkulu wake analawa, nalawanso.

"Uyu ndiye akulankhula," anatero monyinyirika. "Amayamba kuwawasa, kenako amakugwira kummero mokoma. Koma usamuuze Utsi wakoyo kuti ndayamikira."

Fungo lomwelo linakoka bambo awo kuchokera pakhonde. Anali munthu wamtali, woyendetsa mabasi wopuma pantchito, wosalankhulalankhula. Anaima pakhomo manja ali kumbuyo.

"Zonsezi n'za mnyamata wa utsi uja?"

"N'za inu, Adadi. Mulibe shuga."

Bambowo analawa kunsonga kwa supuni n'kugwedeza mutu. Kenako anakhala pansi, chinthu chimene sankachita m'khitchini.

"Mwana wanga, ukuganiza kuti ndimadana naye. Sindidana naye. Ndimamudziwa. Amayi ako anatisiya iwe uli wamng'ono, koma mpaka lero kapu yawo ili m'kabatimo, ndipo sindilola munthu kumwera. Akazi abwino anabwera, ine ndinawabweza, chifukwa ndinaona kuti ndikanawazunza. Munthu woferedwa amatha kukukonda ndi mtima wonse umene watsala, koma sadziwa yekha kuti watsala wochuluka bwanji."

"Iye si inu, Adadi."

"Mwina. Loweruka ndikaona ndi maso anga."

* * *

Lachisanu masana Namwino anafika kwa Utsi ndi botolo lake lokulunga m'kansalu. Anagwirizana kuti awambe nkhuku imodzi yoyesera. Utsi anali kuseri, akukoleza makala pansi pa mgolo, ndipo anamupsompsona pachipumi mwachangu ngati munthu woopa kuonedwa.

"Amayi abwera kale," ananong'ona. "Ali m'khitchini."

Sanali okha. Pa sitovu panali mkazi wochepa thupi, wakhungu losalala, atamanga epuloni yamaluwa, akutakasa poto. Anatembenuka n'kumwetulira ndi mano onse.

"Ndinu a Namwino eti? Takulandirani. Ine ndine mlamu wawo. Khalani pansi, ndikuthireni madzi."

Mawu akuti takulandirani anamulasa Namwino kuposa chipongwe. Anaona mmene mkaziyo anatsegulira kabati osayang'ana, natulutsa tambula pamalo pake penipeni. Namwino anali atalowa m'khitchini imeneyo kambirimbiri, koma ankafunsabe kumene kumakhala sefa.

Amayi a Utsi anali pampando, mwendo wotupa ataukweza pa kampando kena. Analandira moni wa Namwino ndi nsonga za zala.

"Ndamva kuti mwabwera ndi zanu."

"Ee, Amayi. Bambo anga sadya zotsekemera."

"Ndiye tonse tidye zowawasa chifukwa cha munthu mmodzi?"

"Amayi, tiyeni tiyambe talawa," anatero Utsi ali pakhomo.

Nkhuku itapsa, anaidula pakati. Mbali imodzi anapaka sosi wa Mlamu, ina wa Namwino, nazibwezera mumgolo kanthawi kuti sosiyo agwire. Zitatuluka, ya uchi inkanyezimira ngati yopaka vanishi. Ya bwemba inali yofiirira, yosawala kwambiri.

Amayi aja analuma ya bwemba, nkhope n'kukhwinyata. "Ikumveka mankhwala a kuchipatala."

Mlamu analawanso, natafuna mwaulemu. "Ayi, Amayi, ayesetsa. Kwa munthu woyamba kumene, ayesetsa ndithu."

"Iwe ukuti bwanji?" Namwino anafunsa Utsi.

Utsi anayang'ana amayi ake, nayang'ana Mlamu, nayang'ana mbale. "Onse ndi abwino. Aliyense ali ndi kukoma kwake."

Namwino anatenga kachidutswa ka ya uchi. Ankafuna kuti apezemo cholakwika, kaya mchere wochuluka, kaya kupserera. Sanapeze. Inali yokoma monga tsiku loyamba lija, ndipo zimenezo n'zimene zinamubweretsera misozi. Anadzuka n'kupita kukasamba m'manja.

Mlamu anamutsatira kusinki, namupatsa kansalu kopukutira.

"Musadandaule, asisi," anatero motsitsa mawu. "Alamu ndi munthu wofatsa, sangakuuzeni zoona pamaso pa anthu. Ine ndinawadyetsa pamene sankatha n'kumeza komwe. Ndinkawapeza atakhala pansi pomwe mwaimapo, atagwira diresi la achemwali. Inu munawapeza atachira kale."

"Ndiye mukufuna ndikuthokozeni?"

"Sindikufuna kanthu. Ndikungoti pali zinthu zimene munthu sasiya."

Namwino anaponya kansaluko pasinki, natenga chikwama chake. Utsi anamuthamangira mpaka pageti, akumuitana, koma iye anakwera minibasi yoyamba imene inaima, osayang'ana n'komwe kumene ikupita.

* * *

Loweruka m'mawa foni inayamba kulira iye asanasambe. Sanayankhe. Kenako mauthenga anayamba kugwa.

"Ndinalakwa dzulo."

"Ndinachita mantha ndi Amayi. Ndine wamkulu koma pamaso pawo ndimasanduka mwana."

"Botolo lako unalisiya. Ndalawanso ndili ndekha."

Namwino analemba kuti, "Ndiye?"

"Wa uchi uja ndikamadya ndimakumbukira. Wakowu ndikamadya ndimamva njala. Ndikufuna wako."

"Ukunena pafoni. Dzulo pakamwa panali potseka."

"Lero ndinena pamaso pa onse. Bwera ndi Adadi. Chonde."

Namwino anakhala pabedi foni ili pamwendo. Mkulu wake, amene anali akuwerenga pamwamba pa phewa lake mopanda manyazi, anatsonya.

"Kulemba amatha. Tiyeni tikaone ngati kulankhula amathanso. Ine ndikupita nawo, ndipo ndikaona mlamu uja akumwetulira, ndimuthira sosi wake m'mutu."

"Achemwali, mukakhale chete."

"Ndikakhala chete pakamwa pakakhala nyama."

* * *

Tebulo anaika pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba. Utsi anavala malaya oyera amene Namwino anamugulira, ndipo analonjera bambo aja ndi manja awiri. Bambowo sanapite kumpando. Anapita pamgolo, nauzungulira, nagogoda chivindikiro ndi chala.

"Unawotcherera wekha?"

"Ndekha, Bambo."

"Utsi umatulukira pati?"

Utsi anawaonetsa kapaipi ka pamwamba ndi kachitseko ka pansi kolowetsera mpweya. Anafotokoza kuti moto suyenera kukhudza nyama, umangoitumizira utsi, ndipo nkhuku imafuna kuleza mtima kuyambira m'mawa. Bambowo anamvetsera, nafunsanso za nkhuni, ndipo Namwino anaona mapewa a bambo ake akutsika pang'ono.

Amayi a Utsi anatuluka atatsamira pamkono wa Mlamu. Malonje anachitika mwaulemu wozizira. Mlamu anavala diresi labuluu, wopanda epuloni, ndipo anakhala pafupi ndi amayi aja ngati mwana wa m'nyumba.

Utsi atatsegula mgolo, utsi unakwera n'kuphimba nkhope yake. Anatulutsa nkhuku imodziimodzi n'kuziika m'thireyi. Zonse zinali zofiirira. Panalibe ngakhale imodzi yonyezimira uchi.

"Kodi sosi uja waiwala?" anafunsa amayi ake.

"Sindinaiwale, Amayi." Utsi anaika thireyi patebulo, napukuta manja. Mawu ake anatuluka olimba kuposa mmene Namwino anawamverapo. "Nkhuku zonsezi ndapaka sosi amene wapanga Namwino. Kuyambira lero ndi amene ndizipaka. Malemu ndinamukonda, ndipo aliyense pano akudziwa. Koma mkazi amene ndikufuna kumanga naye banja ndi uyu wakhala apayu. Bambo, ndi chifukwa chake ndinakupemphani kuti mubwere."

Mkulu wake wa Namwino anamutsina pantchafu pansi pa tebulo. Mlamu anayang'ana m'mbale yake yopanda kanthu, ndipo kumwetulira kwake kunatsala pankhope ngati chinthu choiwalika.

Bambo a Namwino anatenga ntchafu ya nkhuku, naluma, natafuna nthawi yaitali.

"Nyama yalowa utsi mpaka pafupa," anatero. "Mnyamata iwe, ntchito umaidziwa." Anayang'ana mwana wawo. "Ndipo sosiyu ndamulawa kale kunyumba. Pankhuku akukoma koposa."

Namwino anamva ngati wina wamutula katundu pamutu. Anayang'ana Utsi, Utsi namuyang'ana, ndipo kwa kanthawi pabwalopo panali ngati pali awiri okha.

Amayi a Utsi sanakhudze nyama. Anakankhira mbale kutsogolo.

"Mwana wanga," anauza Mlamu, "kanditengere botolo lathu lija. Ine zanga n'zakale."

Mlamu anapita m'nyumba, nabwera ndi botolo la sosi wa uchi, nathira pambale ya amayi aja mpaka nyama inamira. Kenako anatembenukira kwa bambo a Namwino. "Bambo, mulaweko pang'ono? Kadontho sikangakupwetekeni."

"Zikomo, mayi. Zimene ndili nazozi zandikwana."

Chakudya chinapitirira. Bambowo anafunsa Utsi za ntchito yake, za abale ake, ndipo anaseka kamodzi pamene Utsi anafotokoza mmene anapsera dzanja. Mkulu wake wa Namwino anadya mapiko onse. Amayi a Utsi okha ndi amene ankatafuna ngati akutafuna mwala.

* * *

Itakwana nthawi ya mankhwala a bambo ake, Namwino anadzuka kukatenga madzi. Mtima wake unali wopepuka moti ankang'ung'udza kanyimbo. Atatunga madzi m'khitchini, anaona kuti sosi wadonthera padiresi lake, ndipo anapita kukhonde la m'kati kuti akatenge thawulo m'chipinda chaching'ono chimene Utsi ankasungamo nsalu ndi zida zake zantchito.

Anatsegula chitseko n'kuima.

Zida zija munalibe. M'malo mwake munali bedi loyala bwino ndi nsalu yapinki. Pakhoma panapachikidwa madiresi. Pansi panali nsapato zachikazi zondanda, ndipo pawindo panali mafuta odzola, chipeso ndi kagalasi. Pakona panali masutikesi awiri otsegula, ndipo pamwamba pa limodzi panali epuloni yamaluwa.

"Mukufuna thawulo?"

Mlamu anali kumbuyo kwake, atanyamula mbale zakuda.

"Ichi n'chiyani?"

"Chipinda changa. Pepani sindinakonze bwino, ndangosamuka kumene."

Namwino anaika tambula ya madzi pansi. Anadutsa Mlamu osamukhudza, natuluka panja. Onse anatembenuka ataona nkhope yake.

"Utsi, m'chipinda chaching'ono muja mukugona ndani?"

Utsi anali atagwira mpeni, akudulira bambo aja chidutswa china. Mpeniwo unaima m'nyama.

"Ndimati ndikuuze tikatha kudya."

"Ndakufunsa kuti mukugona ndani."

"Mukugona mwana wa m'nyumba muno," anayankha amayi a Utsi, akupukuta pakamwa. "Vuto lili pati? Mchemwali wake ndi amene anasankha makatani mukuwaonawa. Akhale kuti, kumsewu?"

Bambo a Namwino anaika pansi fupa limene linali m'manja mwawo. Anapukuta zala chimodzichimodzi, naimirira.

"Mnyamata, wandiitana kuti undipemphe mwana wanga, m'nyumba mwako muli mkazi wina wosakwatiwa?"

"Bambo, si mmene mukuganizira. Nyumba imene ankakhala aigulitsa, ndiye..."

"Unamuuza mwana wanga?"

Utsi anayang'ana mpeni umene unali m'nyama.

"Ine ndimayembekezera kuti mwana wanga apikisana ndi wakufa," anatero bambowo. "Sindimadziwa kuti palinso wamoyo. Zikomo chifukwa cha nkhuku. Ana inu, tiyeni."

Anayenda kupita kugalimoto osacheuka. Mkulu wake wa Namwino anatola zikwama zonse ziwiri, nayang'ana Mlamu kuyambira kumutu mpaka kumapazi, natsatira bambo ake.

Namwino anatsala ataima pakati pa bwalo. Utsi anamuyandikira, nafuna kumugwira dzanja, koma iye analibweza.

"Ndiuze kuti Amayi ndi amene amubweretsa," anatero Namwino, mawu akuthothoka. "Ndiuze kuti unakana koma anakukakamiza. Ukandiuza zimenezo, ndikawagwadira Adadi lero lomwe."

Utsi anatsegula pakamwa, koma amene analankhula ndi Mlamu, ali pakhomo la khitchini, mbale zikadali m'manja.

"Amayi sanandiitane, asisi. Amene anabwera ndi galimoto kudzanyamula masutikesi anga ndi alamu eni ake. Ndipo afunseni zimene analonjeza achemwali anga m'chipatala, atawagwira dzanja, ine ndili pomwepo."

Kumsewu hutala ya galimoto ya bambo ake inalira. Namwino anayang'ana Utsi, akudikira kuti aseke, kuti akalipe, kuti anene kuti ndi bodza.

"Unalonjeza chiyani?"

Utsi anagwetsa nkhope pansi.

"Ndinalonjeza kuti mng'ono wakeyu sadzachoka m'manja mwanga," anatero.

Hutala inaliranso, ulendo uno mosalekeza.